Bawuti Yokakamira ndi Mwala wa Pamanda Panu

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Nakonso mwezi uno kumazizira monga kuno ku Chinyunyu? Ife tilipo, kungoti milomo yang'ambika ndi mphepo, ndipo zala zanga ziwiri ndazikulunga nsanza. Musatekeseke, sindinamenyane ndi munthu. Ndinalimbana ndi chitsulo, ndipo nkhani yake ndiyo yandikhazika pansi kuti ndikulembereni. Koma ndiyambe ndi za anthu, poti mukanakhala pano mukanandidula kale kuti, "Mailesi, zitsulo zakozo pambuyo, ana ali bwanji?"

Ana ali bwino. Mphatso, mdzukulu wanu uja munkati sadzakula chifukwa chokana therere, watalika kundiposa. Ali kusukulu ku Rufunsa, ndipo akabwera pa tchuthi amakalipira nkhuku m'Chizungu. Nkhukuzo sizimumvera, monganso sizinkakumverani inu. Kwa ba Lazaro, mwana wanu woyamba, kwabadwa mwana wamkazi m'mwezi wa Marichi, kuchipatala cha mishoni cha ku Mpanshya komwe kuja. Amupatsa dzina lanu, Sofiya. Chipumi ndi chanu ndithu, ndipo akalira satulutsa msozi, amangokalipa. Anthu akuti mkwiyowo watengera ine. Ine ndikuti ayi, tonse awiri tinatunga pa chitsime chimodzi, ndipo mwini chitsimecho akudzidziwa.

Chimanga tapeza, nkhokwe yafika m'khosi, ngakhale mbozi zinatidyera mbali ya kumtsinje. Nshawa ndiye zatinyoza, zambiri ndi mphwephwa. Mbuzi yanu ya nyanga yothyoka inabala awiri, kenaka inakalowa m'dimba la eni ake n'kumaliza repu yonse, moti ndinapepesa mpaka pakamwa kuuma. Mukudziwa kuti kupepesa kumandivuta kuposa kulima. Ku Rufunsa nako kwasintha chikhalireni boma. Kwadza antchito ochokera ku Lusaka ndi kwina, ena sadziwa n'komwe kuyatsa mbaula, ndipo ndi iwowo amene amandidyetsa, chifukwa akafuna kusamutsa mabedi, makabati ndi matumba a makala amafuna vaneti yanga.

Vanetiyo simunaione. Ndinaigula mutapita kale, yakale ndithu, yoti inali yoyera masiku amenewo. Izi zimandiwawa mpaka lero. Paja munkati, "Iwe ukadzagula motoka, ndidzakhala kutsogolo, chigongono pawindo, anthu a ku Mpanshya andione." Simunadikire. Tsiku limene munadwala, ba Lazaro anakutengerani kuchipatala pa njinga, ndipo ine pamaliro, anthu ali tcheru, ndinawauza kuti anachedwa nanu. Chichokereni tsiku limenelo, ine ndi iwo tinkangopatsana moni basi. Muli bwanji, tili bwino, kwatha.

Pa Pasaka banja linakumana kuti tikambe za mwala wa pamanda panu. Tinagwirizana kuti ausemere ku Chongwe, tikautenge Lachisanu, ndipo Loweruka tiuvundukule ku Mpanshya, akatekisiti atapempherera. Ba Lazaro anati tibwereke lole ya munthu wina wa kwawoko. Ine ndinaimirira n'kunena kuti mwala wa amayi sukwera galimoto ya mlendo ine ndili moyo, ndidzaunyamula ndekha. Iwo anati, "Pa kavaneti kako kaja kolira ngati nkhumba pa chitunda?" Anthu anaseka. Ine ndinati, "Ee, komweko." Munalephera kukwera inu, Amayi, tsono ndinafuna kuti dzina lanu lokha likwere.

Koma chilungamo n'chakuti kavanetiko kankaliradi. Kuyambira mu Febuluwale, pamene ndinaoloka nako kamtsinje kodzaza ndili ndi matumba a tomato, giya yachitatu inkakukuta mano, ndipo pa chitunda inkalira moti agalu ankayankha. Lachitatu lapitali ndinamasula bawuti ya m'mbali mwa giyabokosi, ija yothirirapo oyilo. Imeneyo ndiyo umayamba kumasula, chifukwa ukayamba ndi ya pansi, oyilo n'kutayika, kenaka n'kupeza ya pamwamba yakana, wadziphera wekha ulendo. Izi palibe anandiphunzitsa. Ndinaziona ndi maso anga zaka zija ndinkagulitsa tomato pafupi ndi amakanika a pamsewu, iwo akuganiza kuti ndikungodikira makasitomala. Nditapisamo chala, chinatuluka ngati ndachiviika mu tiyi wamkaka. Madzi anali atalowa mu oyilo. Ndi oyilo wotero, mwala wolemera kumbuyo, zitunda za ku Rufunsa kutsogolo, tikanagona panjira, ndipo ba Lazaro akanaseka mpaka Khirisimasi.

Choncho dzulo, Lachinayi, ndinalawirira. Jeke sindimukhulupirira, ndiye ndinaimika vaneti mopingasa ngalande ya kuseri kwa nyumba, matayala awiri uku, awiri uko, ine n'kulowa m'ngalandemo chagada pa saka. Mundikhululukire, ndinatenga beseni lanu lobiriwira lija kuti ndilandirire oyilo woipayo. Mabotolo a oyilo watsopano ndinawandandalika pakhonde. Ntchito yake ndi ya mphindi zochepa: kumasula bawuti ya pansi, oyilo wakale atuluke, kumanganso, kuthira watsopano. Ndinauza atate a Mphatso, mkamwini wanu, kuti asachotse madzi a tiyi pamoto, ndikubwera pompano.

Ndinakoleka sipanala pa bawuti ya pansi n'kukoka. Zii. Ndinakokanso ndi manja awiri. Zii. Ndinadontheza mafuta a mabuleki m'mbali mwake, ndinadikira pang'ono, mwina osakwana nthawi yonena Atate Athu, ndinakokanso. Inangondiyang'ana. Pamenepo kumutu kunayamba kutentha. Ndinakatenga paipi yaitali, ndinailowetsa ku sipanala kuti mphamvu ichuluke, ndinaponda khoma la ngalande ndi mapazi onse awiri, n'kukoka ndi msana womwe. Sipanala inaterereka, dzanja linakamenya chitsulo, khungu la zala ziwiri linatsala pomwepo. Nditayang'ana bawuti, makona ake anali atadyeka. Ndinayesanso, inadyekanso. Pofika nthawi imene dzuwa linatulukira pamwamba pa mtengo wa mango, mutu wa bawuti unali wobulungira ngati khobidi, wopanda pogwira.

Inu munkati mkwiyo wanga ndi moto wa mapesi, umalilima mpaka kudenga koma suphika nyemba. Dzulo unalilima ndithu. Ndinatuluka m'ngalande hamala ili m'manja, n'kuyamba kutukwana amene anamanga bawutiyo. Ndinati ndi mwini wake wakale wa vaneti, bambo wa ku Lusaka wa mimba ngati mgolo, kapena makanika wake. Ndinati munthu ameneyo mutu wake ndi dzungu lomera lokha padzala. Ndinati manja ake ndi oyenera kuswa miyala, osati kugwira sipanala. Ndinati anamuletsa kuyamwa msanga, n'chifukwa chake nzeru sizinafike. Azimayi ochokera kumjigo anatula zidebe pampanda kuti amve bwino, ndipo ine poona kuti ndapeza mpingo, ndinawonjeza. Ndinati amuna ndi otero, akaona chitsulo amafuna kuchionetsa mphamvu zimene amalephera kuonetsa kumunda. Azimayi anaululutira.

Atate a Mphatso anali pakhonde akusenda nshawa. Mukuwadziwa, munthu woti ngakhale nyumba ikupsa amayamba wapinda bulangete. Anati, "Amake Mphatso, mwina mupumeko kaye." Ndinawayang'ana. Anatsegula pakamwa ngati ali ndi mawu ena, kenaka anaponyamo nshawa n'kutseka. Anachita zimenezo kawiri. Ine sindinalabadire.

Cha m'ma teni koloko, minibasi ya ku Mpanshya inatsitsa ba Lazaro pamsewu. Anabwera ndi jekete la kutchalitchi ndi malaya oyera, okonzekera ulendo wa mawa lake wa ku Chongwe. Anapeza miyendo yanga yokha ikuonekera pansi pa vaneti.

"Muli bwanji pansipo?"

"Tili bwino," ndinayankha.

"Mwini lole akuti ndimuyankhe isanakwane twelofu, apo ayi apita kukanyamula chimanga. Ndimuuze chiyani?"

Mumtima ndinadziwa kuti ikakwana twelofu bawuti isanamasuke, ndilibe chonena, mwala wanu ukwera lole, chifukwa sindikanasiya anthu adzasonkhane Loweruka pamanda opanda mwala chifukwa cha matama anga. Ba Lazaro ananjuta, anasuzumira, kenaka anatulutsa kampeni kawo n'kupala m'mbali mwa bawuti. Panagwa tizidutswa ta chinthu chotuwa, cholimba ngati simenti.

"Uyu ndi guluu wa zitsulo," anatero. "Uja wosakaniza machubu awiri. Anamatirira bawuti yonse. Wachita zimenezi ndani?"

"Chitsiru china cha ku Lusaka," ndinatero, ndikutuluka m'ngalande kuti ndiyambirenso ulaliki.

Atate a Mphatso anatsokomola. "Amake Mphatso, ndilankhule?"

"Lankhulani, anakumangani pakamwa ndani?"

"Paja chaka chatha, mvula yoyamba isanagwe, pansipo pankadontha oyilo. Munandituma pamsewu kukagula timachubu tiwiri. Munapaka bawuti yonse, munailowetsa, kenaka munakwera pa paipi ndi mwendo. Munati, tione ngati idzadonthenso mpaka Yesu adzabwere."

Amayi inu! Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa. Ndipo ndinakumbukira zonse, mpaka diresi limene ndinavala tsiku limenelo. Ndinali ndikuthamangira kukanyamula kabati ya aphunzitsi ena, washala wa pa bawuti woletsa oyilo kudontha anali ataphwanyika, ndinalibe wina, ndipo ndinadziona wochenjera kwambiri. Sinadonthenso, zimenezo ndiye zoona.

Ndinawafunsa atate a Mphatso kuti, "Nanga chikhalireni m'mawa bwanji osanena?"

Anati, "Munali ndi hamala m'manja."

Azimayi a pampanda anagwa nako kuseka, wina mpaka anagubuduza chidebe chake. Ndinamva mawu anu m'khutu, aja munkanena mukamva ine ndikunyoza mwana wa mnzanu, akuti anyani amasekana zikundu. Ndikanatha kulowa m'nyumba n'kudzitsekera. Koma ine ndakhala moyo wanga wonse ndikudzitama kuti khasu ndimalitcha khasu pamaso pa mwini wake, tsono likakhala langa ndilitche supuni? Ndinaika hamala pansi, ndinatembenukira kumpanda n'kunena kuti, "Mwamva nonse. Dzungu lomera lokha padzala lija ndi mutu uno. Woletsedwa kuyamwa msanga uja ndine, ngakhale amayi anandiyamwitsa zaka ziwiri zathunthu. Amuna a ku Lusaka ndawalakwira, kalero kokha." Kenaka ndinayang'ana ba Lazaro. Apa ndiye panali pa chitunda chenicheni. Ndinati, "Akulu, ine zandikanika. Ndithandizeni."

Anavula jekete, analipachika pagalasi la vaneti, n'kufunsa ngati ndili ndi tchizulo ndi tupa. Ndinali nazo. Paja iwo akhala akukonza njinga za ku Mpanshya konse kuyambira ali mnyamata, ndipo zitsulo za dzimbiri amazidziwa. Anati tiwiritse madzi ambiri. Mayi wina pampanda anakuwa kuti, "Ipititseni ku kasupe wathu wa madzi otentha uja, ikasambe konko, mwina ichira ndi nyamakazi yomwe!" Ife tinangokoleza mbaula. Atate a Mphatso ankabweretsa ketulo, ine ndinkathira pang'onopang'ono pa chitsulo chozungulira bawuti, ba Lazaro n'kumapala guluu amene anayamba kufewa ngati phula. Maketulo atatu anathera pamenepo, ndipo m'ngalande munasanduka matope. Malaya oyera aja musafunse.

Kenaka anaika tchizulo m'mphepete mwa mutu wa bawuti, anadula kamphako kakang'ono, anapendeketsa tchizuloyo cha kumene bawuti imamasukira, n'kuyamba kugogoda. Osati kumenya, Amayi, kugogoda. Ko, ko, ko, ngati mkamwini pa chitseko cha apongozi. Ine manja ankandiyabwa. Ndinati, "Menyani zenizeni, nthawi ikutha!" Iwo osatembenuka anati, "Amayi ankati Mailesi samukankha, ukamukankha amamera mizu. Umamugogoda pang'onopang'ono mpaka atembenuke yekha. Bawuti iyi ndi mwana wako, yatengera iwe." Kodi munkanenadi zimenezi? Kwa ine simunanenepo.

Tili chigonere m'matopemo, mapewa atagundana, foni yawo inayamba kulira m'jekete. Tonse tinadziwa kuti ndi mwini lole. Atate a Mphatso anafunsa ngati ayankhe. Ba Lazaro anati, "Isiyeni ilire." Ko, ko, ko. Inasiya, inayambanso. Ko, ko, ko. Ine ndinaona kuti ngati pali nthawi yolankhula ndi yomweyo, poti pansi pa galimoto munthu sungathawe ndiponso simuyang'anana m'maso. Ndinati, "Akulu, mawu amene ndinalankhula pamaliro a amayi anali oipa. Anali abodzanso." Anagogoda kanayi asanayankhe. Kenaka anati, "Sendeza beseni, yayamba kuyenda."

Ndinayang'ana, ndipo kamphako kaja kanali katasunthadi, pang'ono ngati m'lifupi mwa njere ya mpunga. Ko, ko. Kanasunthanso. Anaika tchizulo pansi n'kupotokola ndi zala, ndipo bawuti imene inandisenda khungu inatuluka mofatsa ngati sinalakwepo. Oyilo anakhuthuka, wotuwa, wonunkha ngati mazira oola, theka m'beseni lanu, theka m'dzanja la malaya a ba Lazaro mpaka m'khwapa. Azimayi anaululutiranso, ulendo uno mondikomera. Oyilo akutsika choncho, iwo anati chapansipansi, "Ndinapalasa mmene ndikanathera, Mailesi." Ndinati, "Ndikudziwa." Tinauyang'anira oyiloyo mpaka dontho lomaliza.

Zotsalazo zinali zosavuta. Kumutu kwa bawuti kuli kamaginito, ndipo kanali katamera ndevu za tizitsulo, ndinapukuta. Ba Lazaro anakhala pa mtondo n'kupala mutu wobulungira uja ndi tupa, mbali ziwiri, mpaka sipanala yocheperapo inagwira bwino. Ulusi wake tinautsuka ndi burashi ya waya kuchotsa guluu yense. Washala watsopano ndinali naye, ndinagula kalekale n'kumuiwala m'chitini cha mabatani. Pomanga, ba Lazaro anandilanda paipi n'kuiponya kutali, anati dzanja limodzi likwanira. Oyilo watsopano anali atalimba ndi chisanu ngati uchi, ndiye mabotolo tinawaviika m'madzi otentha otsala, n'kumuthira kudzera pa kapaipi ka pulasitiki mpaka anayamba kubwerera pa bowo la m'mbali, chizindikiro chakuti wakwana.

Tinakayesa pa chitunda cha kumsewu waukulu. Sindikunamizani kuti yasanduka yatsopano. Giya yachitatu ikadali ndi mawu, koma tsopano ikungong'ung'udza chapansi ngati atate a Mphatso ku kwaya akaiwala vesi. Titafika pamwamba, ba Lazaro anatulutsa foni, anaimbira mwini lole n'kunena kuti, "Pitani ku chimanga, bwana. Mwala anyamula mlongo wanga." Ine ndinayang'ana kumbali, ndinati fumbi landilowa m'maso. Anati inde, mwezi uno fumbi ndi lambiri.

Lero m'mawa tinapita ku Chongwe, iwo atabwereka malaya a atate a Mphatso amene manja ake anawalekeza m'zigongono. Mwala wanu ndi wokongola, Amayi, wakuda, wosalala moti ndinadzionerapo nkhope. Dzina analemba bwino, ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi ndi chala. Amuna anayi anaukweza, tinaugoneka pa matiresi akale, m'mbali tinatsamiza matumba a gaga, n'kumanga ndi zingwe. Vaneti inakhala pansi pang'ono ngati munthu wolandira mwana kumsana, koma sinadandaule.

Pobwerera ndinatsegulira ba Lazaro chitseko cha kutsogolo. Anakana. Anakwera kumbuyo, anakhala pambali pa mwala, dzanja limodzi ataliyala pamwamba pake. Ndinawauza kuti zingwe n'zolimba, mwalawo sungapite kulikonse, ndiponso mphepo ya mwezi uno iwadwalitsa. Anati, "Iwe yendetsa." Ulendo wonse kuchokera ku Chongwe mpaka kuno, ndikayang'ana pagalasi ndinkawaona ali chomwecho, maso atatsinzina ndi mphepo, dzanja osalichotsa. Ine ndinayendetsa pang'onopang'ono kuposa tsiku lililonse chigulireni vaneti. Mabasi a ku Chipata ankaliza mahutala kumbuyo kwanga, kondakitala wa minibasi ina anatulutsa mutu n'kukuwa kuti, "Amayi, mwanyamula mazira?" Sindinamutukwane. Chabwino, ndinamuyankha mawu amodzi, koma anali aafupi.

Tsopano dzuwa lapendeka, vaneti ili pabwalo, mwala taufunditsa chitenje chatsopano kuti anthu asauone tsiku lisanafike. Ba Lazaro ali pakhonde ndi atate a Mphatso, akumwa tiyi, ndipo ndikumva akuseka, ndikudziwanso amene akumuseka. Asekeni, ndawalola mpaka Lamulungu. Mawa tinyamuka kukangoyera, tidzera ku Rufunsa kutenga Mphatso, kenaka tikhotera ku Mpanshya. Msewu wafumbi uja ndiyenda ngati ndanyamula mkaka m'mbale. Mukamva chinthu chikung'ung'udza chapansi pa chitunda cha kumanda, musadabwe, ndife tikubwera.

Ndikulonjezani chinthu chimodzi, ndipo mukudziwa kuti ndikalonjeza ndimachita ngakhale zala zisendeke. Mawa pamanda panu sindikalipira munthu aliyense, ngakhale azakhali akayamba kulongosola mmene akanaukonzera bwino mwambowo, mpaka akatekisiti atanena ameni womaliza. Pambuyo pa ameniyo sindinalonjeze kanthu.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani lero monga kale.

Ndine mwana wanu wa pakamwa posatseka,

Mailesi